Chaka chimene alamu anga adalima dizilo

Msatsimanga tidakula nawo. Kwathu, chakufupi ndi Chiringa, udali mtengo wa mpanda basi. Unkabzalidwa kuzungulira bafa, kuzungulira khola, ndiponso m'malire a manda, chifukwa mbuzi siziudya ndipo ukangozika nthambi yake pansi imaphuka yokha. Palibe ankauthirira. Utomoni wake ukadonthera pa malaya sunkachoka, ndiye amayi ankatikalipira tikamauseweretsa. Wina akadandiuza masiku amenewo kuti mtengo womwewo udzaitanitsa msonkhano wa mipando ndi fanta, ndikadamufunsa kuti wamwa wa kwa yani.

Msonkhanowo udachitikira pa bwalo la sukulu imene ndinkaphunzitsa, m'zaka zoyamba za makuponi a feteleza. Kudabwera galimoto yoyera, yotalika ngati nkhokwe ya munthu wolemera. Mudatuluka anthu awiri: mzungu wamkazi amene adamanga chitenje mokhota, ndi bambo wina wa ku Blantyre wa nsapato zosongoka, amene tidauzidwa kuti tizimutchula alangizi. Onse adali a bungwe lina limene dzina lake lidali zilembo zokhazokha. Aphunzitsi aakulu adasankha ine kuti ndimasulire, poti ndinkaphunzitsa Chingerezi mu sitandade eyiti komanso ndinkamva Chilomwe. Alangiziwo akadatha kuyankhula okha, koma Chichewa chawo chidali chodzaza Chingerezi moti nachonso chinkafuna womasulira.

Mzunguyo adafotokoza bwino, zimenezo sindingamunamizire. Adati dziko likutentha chifukwa cha utsi wa magalimoto ndi mafakitale. Utsiwo ukakwera kumwamba umayala ngati bulangete, kutentha n'kumakanika kutuluka. N'chifukwa chake mvula yasokonekera, n'chifukwa chake nyanja ya Chilwa imaphwa. Mankhwala ake, adatero, ndi mafuta ochokera ku zomera. Mtengo ukamakula umamwa utsi, ndiye mafuta ake akapsa mu injini amangobweza utsi womwe mtengowo udamwa, osawonjezera wina. Ndipo mtengo wake ndi uwu, adatero akukweza nthambi ya msatsimanga ngati wansembe wakweza chikho.

Nthawi yonseyi galimoto ija inkalira. Dalaivala adatsekera mawindo, n'kugona m'kati momwe munkazizira, ndipo kamphepo ka ku phiri la Michesi kankatenga utsi wa dizilo n'kumaupereka kwa amayi amene adakhala pansi chakumbuyo kwake. Ena adaphimba mphuno ndi nsonga ya chitenje, koma makutu ali kwa ine.

Itafika nthawi ya mafunso, adaimirira mkulu wina amene kale adali msodzi ku Chilwa. Adayankhula m'Chilomwe, modekha, chipewa chili m'manja.

"Aphunzitsi, tawafunsani alendowa. Utsi umenewu ndi wa yani? Ine chibadwire ndili ndi njinga imodzi, nayonso tcheni chidaduka mwezi watha. Tsono odwala ndi ena, mankhwala timwe ndife?"

Anthu adaseka. Mzungu adandiyang'ana akumwetulira, cholembera chili chire. Ine ndidayang'ana makireti a fanta, ndidayang'ana aphunzitsi aakulu, kenaka ndidati m'Chingerezi: akuluwa akuthokoza kwambiri ndipo akufunsa kuti mbande zifika liti. Mzungu adawomba m'manja n'kulemba m'kope mwake. Ndikukhulupirira kuti mkulu ujayo mpaka lero ali m'lipoti lina kunja uko, akuthokoza.

Si pokhapo pamene ndidakometsera. Mzungu atanena kuti mlimi angathe kupezako kangachepe kapadera, ine ndidauza anthu kuti mlimi adzakhala ngati mwini wake wa pomwetsera mafuta. Pakamwa pankangoyenda pokha, poti anthu ankalulutira ndipo ine ndinkamva kukoma. Chimodzi chokha ndidamasulira ndendende: kuti mitengoyi ibzalidwe m'malire a minda ndi pa malo oguga, osati pomwe pamalimidwa chakudya. Tsoka lake mawu amenewo adakumana ndi kulira kwa mabotolo akutsitsidwa, ndipo sindikudziwa ngati alipo adawamva.

Alamu anga sadawamve. Awa adali amuna a achemwali anga aakulu, mkamwini wochokera kuseri kwa phiri, munthu wosamwa, wosamenya mkazi, wolimbikira ntchito, koma wa mtima wothamangira chilichonse chimene chabwera pa galimoto. Adalimapo mpendadzuwa chaka chimene ogula sadabwere. Adagulapo ukonde chaka chimene nyanja idaphwa. Matipate atangoyamba adalowa zipani zitatu motsatizana, ndipo chimene adapindula ndi nsalu zitatu zimene achemwali ankayanikirapo ufa. Tsiku la msonkhanolo, pofuna tcheyamani wa kalabu ya alimi a msatsimanga, alamu adali ataimirira kale dzina lawo lisanatchulidwe. Adalandira tisheti yobiriwira ndi kope la chikuto cholimba. Kuyambira tsiku lomwelo adasiya kunena kuti msatsimanga. Ankati jatirofa.

Mbande zidafika mu Januwale, chimanga chili m'mawondo. Achemwali padalibe. Adali kuchipatala, kudikirira mwana wawo woyamba amene adali woyembekezera, ndipo adakhalako masabata awiri. Kwathu munda ndi wa mkazi. Achemwali adali ndi iwiri: wa chimanga kudambo, ndi wina chakumtunda umene amayi adawasiyira, momwe ankalima chinangwa ndi nandolo. Nandoloyo ndiye ankagula sopo, mchere ndi mayunifolomu. Chinangwacho ankachisenda n'kuyanika makaka, ndipo makaka amenewo ndi amene adatipulumutsa tonse pa njala ija anthu ankadya zikhawo za nthochi.

M'masabata awiri amenewo alamu adazula zonse. Adazula chinangwa chisanakhwime, adazula nandolo, n'kubzala jatirofa mizere yowongoka ndi chingwe, munda wonse mpaka kumwala. Ndidapita kukawaona ali pakati pa ntchito.

"Alamu, kodi achemwali akudziwa?"

"Adzadziwa akadzaona malata," adatero osaweramuka. "Inu nomwe aphunzitsi munanena. Kodi munthu angakhale ndi pomwetsera mafuta m'malire a munda? Tcheyamani amayenera kuonetsa chitsanzo."

Ndidafuna kunena kuti mawu aja adali anga, osati a mzungu. Koma munthu wophunzira savomera msanga kuti adanama. Ndidangoti mizere yawongoka bwino.

Achemwali atabwerako sadapite kwa amuna awo. Adabwera kwa ine, kusukulu, nthawi ya buleki, mdzukulu watsopano atamusiya kunyumba. Adaima pakhomo la kalasi, ana onse akuona.

"Aphunzitsi," adatero. Akandiitana choncho m'malo moti achimwene, ndinkadziwa kuti kwaipa. "Ndamva kuti inu ndi amene mumamva Chingerezi m'mudzi muno. Tandiuzani, dizilo amathira mchere wochuluka bwanji pophika?"

"Achemwali, tiyeni tikakambirane kunyumba."

"Kunyumba kwake kuti? Munda wa amayi anu wasanduka mpanda wa bafa. Ine ndimati ndili ndi mlongo woti mwamuna akapenga amugwire dzanja. Inu munapita kukayamikira mizere."

Ndidawalonjeza kuti pakatha zaka ziwiri adzaseka. Adati aseka ndithu, koma sadanene kuti adzaseka yani.

Alendo aja adatiuza kuti jatirofa safuna mvula, safuna manyowa, ndipo tizilombo timamuopa. Zikuoneka kuti tizilombo ta kwathu sitidafike ku msonkhanoko. Chaka choyamba tizikumbu tofiira tidaboola masamba onse ngati sefa. Chiswe chidadya mizu ya mzere wakumwala. Mitengo imene idali pafupi ndi dzala ndiyo idakula, kusonyeza kuti nayonso manyowa imawadziwa kukoma. Pofika Julaye yonse idayoyola masamba, munda n'kungokhala timitengo totuwa tili njo, ngati gulu la anthu odikira minibasi. Odutsa ankafunsa achemwali kuti mafuta ayamba liti kutuluka, abwere ndi zigubu.

Alangizi ankabwera miyezi itatu iliyonse. Sankafunsa za tizikumbu. Ankawerenga mitengo, n'kumafotokoza kuti uliwonse ukumwa utsi wakutiwakuti, ndipo kunja kuli makampani amene amalipira kuti wina awamwere utsi wawo. Alamu adafunsa kuti malipirowo amafikira kwa yani. Alangizi adati nkhani imeneyo ikadali pa ndondomeko. Kenaka ankawaimika alamu pakati pa munda, tisheti yobiriwira ili pathupi, khasu paphewa, n'kuwajambula. Tsiku lina adapempha kuti mayi wa pakhomo aimenso nawo, poti opereka thandizo amakonda kuona amayi. Achemwali adayankha ali m'khitchini kuti akafune mayi amene adavomera. Alangizi adabwereka mkazi wa msungichuma wa kalabu, ndipo pa kalendala ya bungwelo chaka chotsatira alamu adatuluka ali ndi mkazi wa mwini. Kalendala imeneyo achemwali adaipachika pabalaza, n'kumaonetsa mlendo aliyense.

Chaka chachiwiri kudakonzedwa chionetsero pa chigayo cha pa msika. Adati tidzaone ndi maso athu chigayo chikuyendera mafuta a msatsimanga. Kudabwera magalimoto anayi tsiku limenelo, onse akuluakulu, kudzaonerera malita asanu akupulumutsa dziko. Ana asukulu adaimba nyimbo imene ndidapeka ine, ndipo ndikupempha kuti tisaikumbutsane. Mwini chigayo adakhetsa dizilo wake, alangizi adathira mafuta achikasu a m'chigubu, anyamata adapukusa, injini idatsokomola kawiri n'kulira. Nthungululu zidamveka mpaka kumsewu. Alamu adalira misozi yeniyeni.

Ine ndidakaima kumthunzi ndi dalaivala uja, amene pofika apa tidali titazolowerana. Ndidamufunsa kuti mafutawo afinyira kuti, poti kwathu mitengo idali isanabereke zoti n'kudzaza chipewa.

"Tabwera nawo," adatero akusenda nzimbe. "Njere zake anagula kutali uko, kwa anthu a mipanda yakalekale. Musauze munthu, muli dizilo pang'ono. Popanda iye m'mawa sichidzuka chimenechi."

"Nanga galimoto yanuyi mumathira omwewo?"

Adandiyang'ana ngati ndamutukwanira mayi. "Iyi? Mukudziwa mtengo wake wa injini imeneyi, aphunzitsi?"

Alendo adasiyira mwini chigayo mafuta otsala ngati mphatso. Patatha masiku atatu chigayo chidazima, mapaipi atatsekeka ndi zinthu zonga phala. Makaniko adachokera ku Boma, ndipo sabata yonse amayi ankasenza chimanga ulendo wa maola awiri kupita ku chigayo china. Podutsa pakhomo pa alamu ankapereka moni mokweza kwambiri: "Mwaswera bwanji a Dizilo?" Dzinalo lidakhala.

Chaka chachitatu mitengo idabereka. Kukolola kwake n'kosautsa, chifukwa zipatso sizipsa pamodzi. Lero zitatu apa, mawa zisanu apo, ndipo uzitola, uziyanika, uzisenda ndi manja mpaka zala kuda bii. Alamu adachita zonsezi okha. Pamapeto pake adadzaza matumba awiri ndi theka, munda umene unkatulutsa nandolo wodzaza ngolo. Adasoka matumbawo n'kuyamba kudikira galimoto. Idadutsa miyezi itatu, kenaka isanu. Nambala ya alangizi inkangoyankha mayi uja wonena kuti sikupezeka.

Loweruka lina adandipempha kuti ndiwaperekeze ku Boma, komwe bungwelo lidali ndi ofesi. Tidamanga matumba pa njinga ziwiri, iwo thumba ndi theka, ine limodzi. Tidanyamuka kukuzizira, tidafika dzuwa lili paliwombo, malaya atamatirira kumsana. Nyumbayo tidaipeza. Chikwangwani chidali chitapakidwa penti ina, ndipo m'kati munkamveka mfuti ndi kukuwa. Adali atasandutsamo koonetsera mafilimu. Pakhonde padakhala mlonda wachikulire yemwe adatizindikira ndi tisheti.

"A jatirofa? Mwachedwa, bambo. Anapita kalekale."

"Anasamukira kuti?" adafunsa alamu.

"Pulojekiti inatha. Akuti kwawoko anthu anayamba kukangana, ena akuti mafuta a zomera akulanda minda ya chakudya. Ndiye ndalama anazitembenuzira kwina. Alangizi anu aja ndinawaona mwezi watha, ali ku za mbaula tsopano. Galimoto ndi yomwe ija, anangosintha chithunzi pachitseko."

"Nanga katunduyu?"

Mlondayo adapisa dzanja m'thumba lathu limodzi, adatapa njere, adazinunkhiza, n'kuzibweza mwaulemu. "Ndi zabwino ndithu," adatero. "Zauma bwino."

Alamu adakhala pansi pa sitepe. Ndidayembekeza kuti atukwana, kapena andifunse za mawu anga aja. M'malo mwake adatulutsa kope la chikuto cholimba, n'kufunsa mlonda tsiku la mwezi, kuti alembe kuti tcheyamani adabwera koma adapeza kotseka.

Pobwerera tidadutsa pa msika pomwe mavenda adapachika masikelo. Chaka chimenecho nandolo adali pa mtengo wabwino, ndipo njinga zinkachita kupanikizana. Alamu adatsitsa thumba pa sikelo ya venda wina. Iye adamasula, adayang'ana, n'kuitana anzake kuti adzaone.

"Madala, izi n'chiyani?"

"Mafuta a galimoto."

"Ndiye kagulitseni kwa galimoto."

Tidakwera nawonso matumba athu, ulendo wonse wobwerera.

Achemwali adatilandira bwino mokayikitsa. Adatipatsa madzi osamba, adatipatsa chakudya, sadafunse kanthu. Matumba adalowa kuchipinda. Kukhala chete kumeneko n'kumene kudawapweteka alamu, ndipo patatha masiku angapo adatulukira nzeru. Adabwera kudzandiuza ine poyamba.

"Alamu, kalongonda mumamudziwa. Ukamuphika mothamanga amazunguza mutu, mwinanso kupha. Koma makolo athu anapeza njira: kuwiritsa tsiku lonse, kutaya madzi, kuwiritsanso. Lero ndi chakudya. Ndiye jatirofa angakanike bwanji? Azungu aja anangoona mafuta. Chakudya sanachione."

Ndidawauza kuti ngakhale mbuzi, imene imadya sopo ndi makope a ana asukulu, msatsimanga imaulambalala. Adati mbuzi siphika.

Adawiritsa njerezo kuyambira m'mawa mpaka madzulo, kuseri kwa nyumba, mu mphika umene achemwali adati ukatha zimenezo usadzalowenso m'khitchini. Adataya madzi kasanu. Adathira mchere. Adaitana a kalabu kuti adzalawe, koma aliyense adapezeka kuti ali ndi maliro kwina. Adadya okha, mbale yodzaza, akutafuna pang'onopang'ono pamaso pa akazi awo, n'kunena kuti akukoma ngati mtedza.

Sipadathe ola. Adayamba ndi kuyenda mwaulemu kupita kuchimbudzi, kachiwiri adathamanga, kachitatu sadabwerereko. M'mawa mwake maso adali atalowa m'kati, miyendo ikukana. Tidawamangirira pa mpando wa njinga, ine ndikupalasa, achemwali akuthamanga pambuyo atawagwira msana, mpaka pa chipatala chaching'ono. Adokotala adafunsa chimene adya. Alamu adanong'ona kuti jatirofa. Adokotala sadamve. Achemwali adati, "Msatsimanga, adokotala. Wa kubafa uja. Mbale yodzaza." Adokotala adaika cholembera pansi, adatuluka panja kanthawi, ndipo tidawamva akuitana anamwino.

Adawaika madiripu awiri. Achemwali adakhala pambali pa bedi masiku onse awiri amene alamu adagonekedwa, akuwapukuta nkhope ndi kuwamwetsa phala ndi sipuni. Ndidawamva akunena chapansipansi, "Mukafa ndi zimenezi ine sindilira, mwamva? Anthu adzandifunsa kuti anafa ndi chiyani, ndidzayankha kuti chiyani? Imwani." Alamu adamwa.

Atachira, nkhani idakambidwa pakhonde pa achemwali. Monga mlongo wawo, ine ndiye ndinkayenera kuweruza, koma ndisanatsegule pakamwa adandiuza kuti womasulira safunika, onse akumva Chichewa. Chigamulo adapereka okha. Mitengo yonse izulidwe mvula isanagwe. Ozula akhale awiri, amene adabzala ndi amene adayamikira mizere.

Pamenepo m'pamene ndidaulula kuti za pomwetsera mafuta zija mzungu sadanene, ndidawonjezera ine. Ndinkaganiza kuti alamu akwiya. Adangondiyang'ana n'kunena kuti, "Komabe munanena bwino, alamu. Zinkamveka."

Tidazula mwezi wathunthu, ine ndikaweruka kusukulu ndi Loweruka lonse. Mtengo umene udakana kubereka udakananso kufa. Ukasiya kachitsa, mvula yoyamba kaphukira. Nthambi zimene tidaunjika m'mphepete zidamera pomwepo. Tidayesa kuziumitsa kuti zikhale nkhuni, koma thunthu lake ndi lamadzimadzi, limangofuka osayaka, moti achemwali adatuluka m'khitchini akutsokomola n'kutiponyera chikuni. Manja anga a choko adatuluka matuza, ndipo ana a sitandade eyiti ankafunsa mwaulemu wonse ngati dizilo amawotcha.

Nandolo adabwerera m'munda chaka chomwecho. Chinangwa chidatenga nthawi, poti mbewu tidachita kukapempha kwa achibale kufupi ndi malire a Mozambiki. Matumba aja adakhala kuchipinda mpaka adachita nkhungu, ndipo ngakhale makoswe sadawaboole.

Patapita chaka ndi miyezi, madzulo ena ndikukonza mayeso pakhonde, ndidaona alamu akubwera akukankha njinga. Adakhala pansi, tidalonjerana, adafunsa za ana. Kenaka adatulutsa pepala lopindidwa kanayi m'thumba la malaya. Lidali la Chingerezi, lokhala ndi chithunzi cha mayi akumwetulira atanyamula bowa wamkulu ngati beseni.

"Akuti amamera m'nyumba, alamu. M'matumba apulasitiki. Safuna munda n'komwe. Tangondiwerengerani pang'ono."

Ndidalitenga, ndidaliyang'ana mbali zonse ziwiri, n'kuwabwezera.

"Kodi achemwali aliona?"

Alamu adalilandira. Adalipinda bwinobwino momwe lidalili, adalibweza m'thumba, n'kufunsa ngati ndingawabwereke pampu, poti tayala lakumbuyo linkachepa mpweya.